Moni wa Atate pa Filimu Yotsalira

Wafufutanso, Tapiwa? Ndakuona chala. Chikhalireni pampando pano wandijambula kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse ukuti, "Gogo, sinatuluke bwino, tiyambirenso." Nkhope yanga ndi yomweyi, mwana wanga, siisintha chifukwa choti wayambiranso. Inu ana mumajambula ngati mukutunga madzi padamu, osaopa kuti aphwa. Senderani kuno nonse, iwenso Chisomo siya kaye mbalezo, ndikuuzeni za kamera imene inkatha. Inkatha monga umathera ufa m'thumba, ndipo ikatha panalibe zoti tiyambirenso. Ndinaiona ndi maso angawa papulazi paja tinkakhala kuseri kwa Marondera, amayi anu akadali kamtsikana kamamina.

Koma ndiyambire pa atate anga, a Jailosi, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ndi ya zitsulo ndi magalasi chabe. Atate anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, atalonjeza mlongo wawo, a Naphiri, kuti akagwira ntchito pang'ono n'kubwerako ndi njinga ndi nsalu. Pang'onopo panabala zaka. Anakwatira amayi anga, a ku Tete, tinabadwa ife, amayi anamwalira, iwo akadali kusonkha moto m'mabalani a fodya. Anthu otere kwawo amawatcha machona. Kuno Ashona ankatitcha Mabhurandaya, ngakhale kuti atate ku Blantyre sanapondeko n'kamodzi komwe, ndipo dzinalo linkawapsetsa mtima kuposa njala.

Chaka china kutchalitchi kwathu kunabwera bambo wachilendo, wa papulazi ya tsidya lina, wongofika kumene kuchokera kufupi ndi mudzi wa atate. Mapemphero atatha anakhala pansi pa mtengo awiriwo, ine ndili chapambali. Bamboyo anawayang'ana atate nthawi yaitali, kenako anati, "Inu kumudzi munafa kale." Anafotokoza kuti abale anakhalapo pansi n'kugwirizana kuti munthu wosowa chotere amulire, amete, nkhani ithe. Onse anavomera kupatula mmodzi. A Naphiri anati iwo sameta tsitsi lawo chifukwa cha munthu amene palibe anamuona atagona. Ena ankawaseka, ena ankati akuchedwetsa mzimu wa mlongo wawo kupuma, koma iwo anaumirira pomwepo.

Tsiku limenelo atate sanadye. Ankafuna mlongo wawo adziwe kuti sanalakwe kudikira, koma adziwa bwanji? Kupita okha sakanatha, poti utsi wa m'mabalani unali utawadya chifuwa, ndipo msewu wodzera ku Tete unali wa nkhondo. Uthenga wapakamwa unali utawanamizapo kale a Naphiri, wina akuti anawaona ku Joni, wina akuti anajiwa ndi mkango panjira. Ine ndinati, "Atate, tiyeni ku Marondera mukajambulitse, titumize." Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana. "Chithunzi ndi akufa omwe ali nacho," anatero. "Munthu ali duu, osaphethira. Akadziwa bwanji kuti ndikupuma?" Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, iwo anati ndinatengera kwa iwo. Pakamwa nkhaniyo inatha, koma mumtima mwawo inakhala.

Nthawi imeneyo abwana anali atachepetsa fodya n'kuyamba kulima maluwa otumiza kunja. Ine anandichotsa kosankha fodya n'kundipatsa makiyi a chipinda chozizira, chimene tinkangoti kolodi. Maluwa akathyoledwa ankagona m'menemo kudikira lole ya ku bwalo la ndege. Mwezi wa Okutobala anthu akupsa panja, ine ndili m'chijasi ndi masokosi ophatikiza, mpaka akazi anzanga ananditcha Mai Chando, poti chando ndiye chisanu pa Chishona. Usaseke, Rudo, dzinalo ndinkalinyadira. Papulazi ponse panalibe wina wolembedwa ntchito yozizidwa.

Ndiye tsiku lina fumbi linangoti koboo pamsewu, malole akulowa motsogozana. Anali anthu opanga kanema, ife tinkati bayisikopo. Anabwereka nyumba yakale ya abwana ndi mabalani, akuti nkhani yawo inali yamakedzana. Musandifunse nkhaniyo, sindinaitsate, ndipo kanemayo sindinamuonepo mpaka lero. Chimene chinandipeza ine ndi bambo wina wa ku Harare, wamsinkhu wanga, dzina lake Farai, atasenza bokosi paphewa. Chichewa ankachithyolako, poti anakulira pakati pa anthu akwathu ku Mbare.

"Mangwanani, sisi. Ndimi mune makiyi?"

Moni wa m'mawa ndi funso la amene ali ndi makiyi anayambira pa Chishona. Ndinati ndine. Anapempha malo pashelefu yakumapeto, kuseri kwa ndowa za maluwa. M'bokosimo munali zitini zozungulira, zophwatalala, ngati mbale ziwiri zovundikirana, zomatidwa ndi tepi m'mbali. Ndinanyamula chimodzi, chinali cholemera. Ndinachigwedeza pakhutu, sichinalire.

"Muli chiyani umu, mukoma?"

"Filimu. Ndi imene kamera imadya."

"Nanga bwanji igone ndi maluwa anga?"

"Imaopa kutentha. Ikatenthedwa, mitundu imasuluka isanagwire n'komwe ntchito."

"Tatsegulani ndione."

Munthu uja anandilanda chitinicho ngati ndanyamula mwana wake chadodolido. Anati ikangoona kuwala, ngakhale kwa machesi, yafa yonse. Ndinaima n'kuganiza: chinthu chimene ntchito yake ndi kugwira kuwala, n'kukhalanso choopa kuwala komweko? Kuyambira tsiku limenelo Farai sanapume nawo mafunso anga. Amati safunsa anadya phula, ndipo ine phula sindinadyepo.

M'mawa uliwonse ankabwera kudzatenga zitini za tsikulo, n'kuzisiya pakhonde zili chitsekere mpaka thukuta lake liume, chifukwa ukatsegula ikadali yozizira imanyowa. Podikirapo ndi pamene ndinkamupanikiza. Ndinaphunzira kuti filimu si imodzi. Ya tepi yabuluu inali ya padzuwa, ya tepi yofiira inali ya kuwala kwa magetsi, ndipo ukazisokoneza anthu amatuluka abuluu kapena ofiirira ngati katondo. Zimenezo sizinandivute kumva, chifukwa kosankha fodya tinkadziwa kuti tsamba lomwelo limasintha maonekedwe ukalichotsa pawindo n'kuliika pansi pa getsi. Panalinso ina yaulesi, yofuna dzuwa lambiri koma yotulutsa chithunzi chosalala, ndi ina yachangu, yotha kuona ngakhale m'balani mwa mdima, koma chithunzi chake chokhala ndi timchenga. Posakhalitsa ndinayamba kumayang'ana kumwamba pochoka kukomboni, n'kumuikira pafupi zitini zimene ndinkaganiza kuti azifuna. Nthawi zina ndinkalondola, nthawi zina ankaseka n'kubweza.

Nanga ankatsegula bwanji, popeza kuwala n'koletsedwa? Anali ndi thumba lakuda la manja awiri, ngati malaya osokedwa kukhosi ndi kumunsi. Ankaikamo chitini pamodzi ndi kabokosi kamene kamakwera pamsana pa kamera, n'kupisa mikono mpaka m'zigongono. Zonse ankachita ndi zala, maso ali kumwamba, nkhope ili ngati ya munthu wofufuza mazira pansi pa nkhuku. Amayi ena a kukomboni atamuona anayamba kulambalala njira imeneyo, akuti zimenezo si za Mkhristu. Ine ndinapempha kupisamo dzanja tsiku lina muli kachidutswa kotayidwa. Ndinangomva kalamba kosalala, kozizira, ka tizibowo m'mbali monsemo. Ndinakhumudwa pang'ono, ndinkayembekeza zoposa pamenepo.

Kamera yeniyeniyo inali m'manja mwa mzungu wina wachikulire wochokera kutsidya kwa nyanja. Tinamutcha Diso Limodzi, chifukwa ngakhale pomwa tiyi diso lina linkakhala lotsinzina. Inali yolemera moti poisuntha ankagwirizana amuna awiri, ndipo ikamayenda inkang'ung'udza chapansipansi ngati makina osokera ali m'nyumba ya eni. Sankaiyatsa wamba. Osewera ankayeseza, kuyesezanso, mpaka ife oonerera tinkaloweza mawu awo, ndiye pamenepo kamera n'kudya. Wina akaiwala mawu kamera ikuyenda, Diso Limodzi ankagwira mutu ngati mlimi woona matalala akugwera fodya wake. Atambala onse a kukomboni anatsekeredwa m'makola chifukwa cha anthu amenewo, ndipo wa a kapitawo, amene sankamva, anathera mundiwo.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi maso ake. Iwe Tapiwa, foni yako ili ndi timaso tomweto kuyambira tsiku unaigula. Iyo inkasintha maso. Ankawatcha malenzi, ndipo ankagona m'bokosi lawolawo, lililonse m'dzenje lake la siponji, osagundana. Masana ena, anthu akudya, Farai anandiitana kuti ndisuzumire. Anali atamangapo lenzi lalitali ngati mkono wangawu. Ndinaona mtengo wa kutsidya kwa damu uli pamphuno panga penipeni, ndipo pansi pake a kapitawo athu ali gone, chipewa pamimba, pakamwa yasa. Munthu ameneyo anali atangotikalipira m'mawa kuti ndife aulesi. Ndinachotsa diso, mtengo uli kutali komwe kuja. Ndinabwezera, a kapitawo akadali m'tulo. Kenako Farai anamangapo lalifupi n'kuima kutsogolo kwake. Pulazi yonse inalowa, mabalani ndi thambo lomwe, koma mphuno yake inasanduka mbatata. Ndinaseka mpaka Diso Limodzi anatsegula diso lachiwiri.

Panalinso bambo wina woyenda ndi tepi yopimira ngati telala. Asanajambule ankaikoka kuchokera pakamera mpaka pamphuno ya wosewera. Ndinafunsa ngati akufuna kumusokera chipewa. Farai anati lenzi silitha kuona bwino zapafupi ndi zakutali nthawi imodzi: amene ali kumapeto kwa tepi ndiye amaoneka bwinobwino, ena onse amakhala nkhungu. Anthu a kukomboni amene analembedwa kuti azidutsa kumbuyo atasenza mabelo ankapesa ndi kudzola mafuta m'mawa uliwonse, osadziwa kuti ndi nkhungu. Sindinawauze. Ankaikanso kachipangizo kena pafupi ndi tsaya la munthu kuti apime kuwala, ndipo pa ife akuda ankatsegula lenzi mokulirapo, apo ayi nkhope imangotuluka mdima wa maso ndi mano. Farai anati opanga filimuyo poipanga ankaganiza za nkhope zawo. Sindinadabwe.

Tsopano tamverani apa, iwe Chisomo mbalezo sizithawa. Kumapeto kwa shelefu yanga kunayamba kuunjikana tizitini tina topepuka. Farai anati ndi zotsalira: filimu ikatsala pang'ono m'kabokosi kaja, yosakwanira chochitika chathunthu, amaidula n'kuisunga padera. Ndinafunsa kuti kachidutswa kotere kamatenga nthawi yaitali bwanji. Anati, "Yokwanira munthu kumwa kapu ya madzi n'kuibweza." Ndinafunsa ngati womwa madziyo amaoneka akumeza. Anati amaoneka, ndi kuphethira komwe. Ndinatseka kolodi nthawi isanakwane n'kuthamangira kukomboni chijasi chili m'thupi.

Atate anamvetsera zonse za kachidutswako. M'mawa mwake anatenga ndodo yawo n'kukakhala pachitsa, kuonerera ntchito ya anthu aja tsiku lonse. Chakumadzulo anamuitana Farai. Anayamba ndi kumufunsa ngati m'bokosi la malenzi mulibe lalitali lofika ku Dedza, ndipo Farai anati limenelo sanapangebe. Anaseka onse awiri, kenako atate anafika pamene ankafuna.

"Mwana wanga, chinthu chanuchi chimagwira mpweya wa munthu?"

"Mpweya ayi, sekuru. Koma chifuwa chikamakwera ndi kutsika chimaoneka."

"Basi, ndi chomwecho."

Farai anakapempha kwa Diso Limodzi, ndipo mzunguyo anavomera kuti adzatijambula tsiku lomaliza, asanapakire. Koma masiku otsirizawo zotsalira zija anazithera pa mitambo ndi ng'ombe, moti pofika tsikulo panali kachitini kamodzi kokha. Farai anatichenjeza kuti n'kakafupi. Anatinso kamera siigwira mawu, poti mawu ankagwidwa ndi makina ena, a bambo wa mtengo wautali wa ubweya kunsonga, amene anali atapita kale. Choncho tinapangana bwinobwino. Atate adzayenda kubwera kukamera, adzakweza dzanja, kenako adzatikodola ine ndi ana kuti tilowe, azakhali akaone kuti mlongo wawo ali moyo ndipo ali ndi ana ndi zidzukulu. Tinayeseza kuseri kwa nyumba, ndipo atate anachita zonse molondola.

Tsikulo anavala jekete lawo la pa Mgonero ndi chipewa. Bambo wa tepi anawapima mpaka pamphuno, n'kulemba mzere pansi pamene ayenera kuima. Ulendo uno nkhungu anali mabalani a abwana. Ine ndinaima pambali ndi amayi anu, nditawapaka mafuta mpaka kunyezimira. Farai anati, "Sekuru, musatambise nguva. Mukangomva kulira, yambani," kutanthauza kuti asataye nthawi. Kamera inayamba kung'ung'udza.

Atate anayenda mpaka pamzere paja. Anayang'ana m'galasi lija, n'kuima. Sindidziwa chimene anaonamo. Dzanja limene linayenera kukwera m'mwamba linapita kuchipewa. Anachivula pang'onopang'ono, anayang'ana poti achiike, anachiika pansi. Kenako anayamba kutsika, ndi mawondo awo aja olira ngati chitseko, dzanja limodzi lili pandodo, mpaka ananyonyomala. Diso Limodzi anawatsata ndi kamera, kutsika nawo. Anagoneka ndodo. Anafumbata manja n'kuyamba kuwomba, mwaulemu, mosafulumira, mutu uli pansi, monga amachitira munthu wofika pakhomo pa eni.

"Atate, fulumirani," ndinanong'ona. "Tikodoleni."

Kaya sanandimve, kaya anandimva. Atatha kuwomba anadzutsa mutu, anakonza kukhosi, n'kuti, "Naphiri, mlongo wanga." Pomwepo kulira kwa kamera kunasintha, kunamveka phephephe ngati kansalu kokupizidwa ndi mphepo. Farai anatseka maso, ndipo ine ndinadziwa kuti filimu yatha.

Koma atate anapitiriza. Ananena za ulendo wawo, za njinga imene sanagule, za amayi anga, anatitchula mayina tonse mmodzimmodzi. Palibe anawadula. Diso Limodzi sanachotse diso lake pakamera yopanda kanthuyo mpaka atate anamaliza n'kutola chipewa chawo. Mzungu ameneyo sindinachezepo naye, koma chimenecho ndimamukumbukira nacho.

Pobwerera kukomboni ndinali nditapsa mtima. Ndinati, "Mwathera filimu yonse pa moni. Ife sitinalowemo, nanunso simunaonetse kanthu." Anayenda kaye pang'ono, akupuma movutika. "Ukanakonda ndifike pakhomo pa mlongo wanga chiimire, n'kukweza dzanja ngati wokhometsa msonkho? Munthu wochoka kalekale amayamba wakhala pansi." Ndinati pamenepo sipanali pakhomo, inali kamera. Anati, "Iwe unaona kamera."

Filimu siinali ngati foni, yoti uone pompo. Inkakwera ndege kukatsukidwa kunja, ndipo Farai anati yoyamba imatuluka yotembenuka, wakuda n'kukhala woyera, imvi n'kukhala zakuda, ndiye pamafunika kupanganso yachiwiri yolongosoka. Atate anati, "Yotembenukayo musabweretse, angati ndi mzukwa ndithu." Malole aja anapita, kolodi inatsala ya maluwa okha, ndipo m'mawa ndinkasowa womufunsa mafunso. Mvula inagwa, fodya anathyoledwa. Lole iliyonse ikalowa papulazi atate ankatumiza munthu kukafunsa ngati pali katundu wawo. Chisanu cha mu Juni chitafika, chifuwa chija chinawagoneka, ndipo sanadzukenso. Tinawaika kumanda a papulazi, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, n'kumeta monga mwa mwambo. Chisoni changa chachikulu chinali chakuti anapita akuyang'anabe kumsewu.

Farai anabwera patapita miyezi, pabasi, yekha, ali ndi kachitini m'thumba la jekete. Kachidutswa kathu kanali katasochera pakati pa mitambo ndi ng'ombe zija, ndipo iye anachita kukakamira kuti akafune. Nditamuuza za atate anakhala pansi pakhonde la kolodi. Kenako anati makina oonetsera filimu yotere ali m'nyumba za kanema za m'tauni zokha, kumudzi sindikawapeza. Anandipatsa kagalasi kake kokuzira zinthu, kong'aluka pakona, n'kuti yotsukidwa siiopanso kuwala, ndingoiloza kuthambo. Ndinaona tizithunzi tambirimbiri totsatizana, kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. M'kalikonse munali atate, osiyana pang'ono chabe ndi a m'kachithunzi kotsatira.

Ndinakhala nako kachitiniko ndikulimbana ndi mtima. Atate anafuna kutumiza umboni woti ali moyo, ndipo ine ndinali nditawathira dothi. Kukapereka kunali ngati kunama, kusunga kunali kuwabera ulendo wawo. Nditamva kuti mabasi ayambanso kudutsa ku Tete, ndinakafunsa njira kwa bambo wa kutchalitchi uja, ndinapempha tchuthi, ndinamanga duku langa molimba kubisa tsitsi limene linali likadali lalifupi. Ndinakwera ku Mbare, kudzera ku Nyamapanda, kuwoloka mlatho wa ku Tete pa kutentha koti Mai Chando anatsala pang'ono kusungunuka. Kachitini kanali pachifuwa ulendo wonse. Ku Dedza anthu ankamwetulira ndikamafunsa njira, chifukwa cha Chichewa changa chosakaniza ndi Chishona, chomwechi chimene inu mumachiwonjezeranso Chingerezi.

Ndinafika dzuwa likadali pamwamba. Azakhali anali kamunthu kakang'ono, ka mphumi ya atate yeniyeni. Nditadzitchula kuti ndine mwana wa a Jailosi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanafunse ngati mlongo wawo ali moyo, inenso sindinanene. Ndinangoti, "Ndatumidwa ndi atate."

Tinaitambasula filimuyo pabwalo, kuchokera pakhomo la nyumba mpaka pankhokwe, akazi a pamudzipo ataigwira m'mbali n'kuikweza kuloza kuthambo. Ndinawaonetsa azakhali kagwiridwe ka kagalasi. Anatsinzina diso limodzi n'kuyamba kuyenda chammbali, kachithunzi ndi kachithunzi. Popeza atate sakanatha kuyenda m'menemo popanda makina, anayenda ndi azakhali.

"Wakalamba," anatero. Anasuntha. "Mwendo wakumanzerewu ndi womwewo, anagwa nawo mumtengo wa masuku." Anasunthanso. "Chipewa chabwino. Akuvula."

Kuyambira pamenepo ankangosuntha phazi, kuima, kusunthanso. Atafika pamene manja akukumana ndi kulekana anachedwapo, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kudutsaponso. Chakumapeto, pamene atate adzutsa mutu n'kutsegula pakamwa, tizithunzi tinayamba kufiira ngati tapsa, kenako panalibenso kanthu.

"Kwatha?"

"Kwatha, azakhali. Filimu inawathera akuyamba kumene kulankhula. Koma mawuwo ndinawamva, ndikhoza kukuuzani."

Anakweza dzanja. "Dikira. Munthu wapereka moni."

Anandipatsa kagalasi, anagwada pafumbi moyang'ana filimu ija, n'kuwomba m'manja. "Takuonani, a Phiri," anatero. "Ife kuno tilipo. Mwafika, mwafika ndithu." Akazi ogwira filimu aja misozi inali chuchuchu, koma palibe anaisiya kuti igwe pansi.

Ali chigwadire anandikodola, ndipo ndinagwada pambali pawo. Anamasula duku langa okha, n'kuyendetsa chikhatho pamutu panga, pa tsitsi lalifupi lija.

"Linametedwa liti?"

"M'chisanu, azakhali."

"Anadziwa kuti ndinakana?"

"Anadziwa. N'chifukwa chake anajambulitsa."

Anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo n'kunena ndi mawu wamba, ngati akuitanitsa mchere, "Kanditengere madzi ndi lumo." Atabwera nazo, lumolo anandipatsa ine.

Ndinawameta pabwalo pomwepo, ana inu, ndi manja omwewa, dzuwa likuwomba. Filimu ija tinali titaikulunga m'kachitini kake, ndipo anakafumbata pamiyendo mpaka ndinamaliza. Sindinakapemphenso.